Chimbale Chobwereka kwa Abwana

Chimbalecho chikanakhala chawo, bwenzi alamu ake a Tsabola atangotukwana pang'ono n'kuchiponya m'dirowa. Koma chinali chobwereka kwa abwana awo a kuofesi, filimu ya sitima zapamadzi, ndipo analonjeza kuti Lolemba chibwerera mmene anachitengera. Tsopano linali Loweruka masana, laputopu ikuchikana.

Tsabola anapeza nkhani itapsa kale pochokera ku saluni kumene ankaluka tsitsi. Dzinali anam'patsa ndi alamu akewo chaka chimene anabwera kudzakhala kwa asisi ake, chifukwa cha pakamwa pakepo. Pabalaza alamu anali chiimire, chimbale chili m'manja. Asisi anali pampando, maso ali pafoni. Pakhomo lakukhitchini panaima a Anti, mayi amene anagwira ntchito m'nyumbamo zaka zisanu ndi chimodzi, manja ali kumbuyo.

"Ndikufunsaninso," anatero alamu. "Munachigwira kapena ayi?"

"Ndinachigwira, bwana. Mwana anachidinda zala zamafuta, ndiye ndinachipukuta."

"Ndi chiyani?"

"Ndi kansalu kofewa kaja ka magalasi anu."

"Wamva? Akuvomera okha," alamu anauza akazi awo. "Chinthu ichi si zenera ayi. Anti, mumalize zalero. Lolemba musavutike n'kubwera."

A Anti anatembenuka. Analowa kukhitchini, ndipo posakhalitsa kunamveka madzi akutsikira m'sinki. Phokoso limenelo n'limene linam'kweza magazi Tsabola. Munthu am'chotsa ntchito, iye n'kupita kukatsuka makapu a omuchotsawo.

"Tandipatsani ndichione, alamu."

"Iwe zako n'zatsitsi. Izi n'zakompyuta."

"Foni yanu itazima mwezi watha munapita nayo kwa ndani?"

Anam'patsa. Tsabola sanaphunzire za makina kusukulu iliyonse. Anaziphunzira pa mafoni a makasitomala ake, n'kumawerenga pa intaneti uku akudikira mutu wina. Anapita nacho pazenera, n'kuchipendeketsa uku ndi uku kuti kuwala kuyende pamwamba pake. Panalibe ngakhale kamzere kamodzi.

"Chosalala ngati mutu wanu, alamu."

"Uzilankhula bwino. Zina sizioneka ndi maso."

Tsabola anachiika pa kathireyi ka laputopu n'kukankha. Mkatimo munamveka kuzungulira, kenako tche, tche, n'kukhala chete. Pasikirini panalembedwa kuti mulibe chimbale. Anayesanso kawiri, zomwezo. Ndiye anatenga pashelefu DVD ya makatuni a mwana, yokalikakalika ngati thabwa lodulirapo anyezi. Imeneyo inasewera nthawi yomweyo.

"Waona?" anatero alamu. "Makina alibe vuto. Vuto n'chimbale chimene achikwecha."

Pamenepo alamu analankhula zomveka, ndipo zimenezo zinam'psetsa mtima kwambiri Tsabola. Anakhala pansi pa kapeti, n'kuika laputopu pamiyendo. Ankadziwa kuti akalephera apa, a Anti apita ndi dzina la wowononga zinthu za eni, ndipo iye akhala wolongolola chabe.

"Chinayamba chasewerapo m'nyumba muno?"

"Lachiwiri ndinaonera theka. Bwinobwino."

"Pa laputopu yomweyi?"

Alamu anayang'ana akazi awo. Asisi anayankha osadzutsa mutu. "Ija anakaisiya kuofesi Lachinayi. Anawasinthira n'kuwapatsa yatsopanoyi."

"Ndiye chiyani?" anatero alamu. "Yatsopano singalephere zimene inkatha yakale."

Tsabola anayatsa tochi ya foni n'kuunika kutsogolo kwa kathireyi. Panali timalemba tating'ono totukuka, takuda pa chakuda, tosaoneka popanda kuunika cham'mbali. Tinkati DVD basi. Anatenga kabokosi ka chimbale cha abwana n'kuwaonetsa chizindikiro chapamwamba.

"Ichi si DVD, alamu. Ndi zija amati bulureyi, za zithunzi zowala kwambiri. Zolembedwa mkati mwake n'zothithikana, diso la makina awa silingaziwerenge. Yakale ija inali nalo diso lake. Kuofesi akupatsani yonyezimira, koma yotchipa."

"Zolankhula zimenezo. Chisewere ndione."

Tsabola anavala nsapato. Tsidya la msewu, pakati pa famase ndi pomatira matayala, panali kashopu ka wojambula mavidiyo. Anam'peza akudya mtedza, mahedifoni ali m'khosi. Atamva nkhani yonse, anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kakuda kophwatalala kowerengera zimbale za bulureyi, kokhala ndi chingwe cha mitu iwiri, pamodzi ndi chimbale cha pulogalamu yake.

"Mitu yonse iwiri ulowetse. Ukalowetsa umodzi kazingolira ngati udzudzu, mphamvu sikwana. Faifi koloko kakhale kabwera, ndili ndi ntchito ya anthu."

"Kabwera."

"Ukakagwetsa uzaluka mkazi wanga mpaka ukalambe."

"Mkazi wanu tsitsi lake n'lochepa, sindikuopa."

Pobwerera anakumana ndi a Anti m'kanjira kakuseri. Anali atapinda epuloni, masilipasi awo akuntchito ali m'jumbo.

"Dikirani pang'ono, Anti."

"Mwanangu, usadane ndi alamu ako chifukwa cha ine. Iwe umagona momwemo."

"Ingodikirani basi. Khalani pa sitepepo."

Pabalaza analowetsa mitu iwiri ija, kabokosi n'kuyatsa kanyali kobiriwira. Ulendo uno chimbale chinazungulira osaima, ndipo dzina la filimu linatuluka pasikirini. Koma atadina, pulogalamu yoonera makanema imene inali mu laputopumo inakana, n'kulemba kuti singatsegule chimbale chotetezedwa.

Alamu anaseka. "Injiniya wathu."

Tsabola anatsegula kabokosi kaja. Anachotsa cha abwana, n'kuika chimbale cha pulogalamu ya wojambula uja. Pulogalamuyo itakhazikika inafuna kudzikonzanso pa intaneti, ndipo Tsabola analumikiza laputopu ku foni yake. Kamzere kankayenda ngati kakukakamizidwa. Zinatenga mphindi makumi awiri. Asisi anapita kuchipinda n'kubwerako, alamu akugwedeza mwendo.

Kenako filimu inayamba. Sitima yaikulu inatuluka m'nkhungu, n'kuima. Inayendanso pang'ono, n'kuimanso. Mawu a woyendetsa ankamveka iye asanatsegule pakamwa.

"Ndiye kukwecheka kumeneko," anatero alamu, mawu ali pansi, ngati munthu amene wapambana mlandu. "Ndimanena chiyani ine?"

Apa Tsabola anachita mantha koyamba. Mwina kansalu kaja kanali ndi kamchenga. Mwina zinalipodi zosaoneka ndi maso. Anayang'anitsitsa sikirini, kuyambira pamwamba mpaka pakona, ndipo pakonapo anaona kachizindikiro ka batire katafiira. Laputopu inali ikudziumira mphamvu. Kuseri kwa filimuyo kunali kutatsegulidwa mafayilo a kuofesi asanu ndi awiri, makalata, ndi matebulo a manambala.

"Chaja ili kuti?"

"M'chikwama."

Tsabola anaibaya pakhoma, n'kutseka zakuofesi zonse chimodzichimodzi, kenako anabweza filimu poyambira. Sitima inatulukanso m'nkhungu, ndipo ulendo uno sinaime. Madzi ankaoneka dontho lililonse, dzimbiri la pa unyolo ngati ungalikhudze. Anaidumphitsa pakati, n'kuidumphitsanso kumapeto. Paliponse inkayenda.

"Basi, zatheka," anatero alamu, n'kukokera mpando pafupi. "Takweza mawu."

Tsabola anadina poimitsa.

"Iwe, n'chiyaninso?"

"A Anti ali pa sitepe."

"Uwauze abwere Lolemba."

"Powachotsa simunatume munthu."

"Tsabola," anatero asisi, "awa ndi alamu ako. Uzidziwa polekezera."

"Ndikudziwa, asisi. Kabokosi aka ndabwereka ndine. Ndikhoza kukabweza pompano."

Alamu anam'yang'ana nthawi yaitali. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo Tsabola ankadziwa kuti mkhate umene alamu akhalapo ndi denga limene iye ankagonamo. Koma chala sanachichotse pa laputopu. Mapeto ake alamu anadzuka, n'kudutsa kukhitchini mpaka pakhomo lakuseri. Tsabola anawatsatira, asisi pambuyo pake.

"Anti," anatero alamu, akuyang'ana chingwe choyanikapo zovala. "Lolemba mubwere monga mwa masiku onse."

A Anti anaimirira, jumbo ili m'manja. "Ndamva, bwana. Nanga chimbale chija ndinachiwononga?"

Alamu anakhosomola. "Ayi. Anali makina."

"Zikomo. Ndafunsa chifukwa madamu aimbira kale mayi a nyumba yachitatu, amene ndimawachapira Lachitatu. Anditumizira uthenga kuti ndisapitekonso."

Tsabola anatembenuka. Asisi anali atayang'ana pansi, akukanda kapepala kakumbuyo kwa foni ndi chikhadabo.

"Ndinangowachenjeza," anatero. "Ndiwafotokozera tikakumana."

"Mukumana liti?" anafunsa Tsabola. "Lachitatu ndi pompano."

"Ndati ndiwafotokozera."

"Foni muli nayo m'manja, asisi."

Alamu anabwerera m'nyumba mwakachetechete, kusiya nkhani kwa eni ake. Asisi anapuma mozama, n'kufufuza nambala. Tsabola anatambasula dzanja n'kudina kuti mawu azimveka kwa onse. Foni inaitana kanayi, a Anti ali chiimire pa sitepe, kenako mayi aja anayankha.

"Anzanga, ndine ndemwe," anatero asisi. "Zija ndinakuuzani za a Anti zija, ndinalakwitsa. Sanawononge kanthu."

"Ndiye ndiwauze abwere?"

Asisi anayang'ana a Anti. A Anti anasendera pafupi ndi foni.

"Ndamva, madamu. Ndifika seveni."