Sefa Zofiira za Auke

Dokotala atanena kuti Siebren sadzaona mbatata zikukumbidwa chaka chimenecho, mkazi wake Sjoukje sanalire. Anangofunsa ngati mwamunayo angapirire maola awiri atakhala m'kangolo ka pambali pa njinga yamoto. Dokotala anati angapirire ngati atamwa mankhwala a ululu asananyamuke, koma kamodzi kokha, ndipo maola awiriwo asapitirire.

Kunali kutatsala masabata atatu kuti mpikisano wa njinga zamoto wa mumzinda wa Assen uchitike. Chikwatiraneni, zaka makumi atatu ndi zinayi, awiriwa anali asanajombeko, Siebren pachiwongolero, Sjoukje m'kangolo atafungatira fulasiki ya khofi ndi buledi wa shuga. Chaka chino anayenera kusinthana malo. Siebren sanapemphe china chilichonse, ngakhale m'busa. Ankangofuna kulowa mu Assen pa njinga yake.

Sjoukje anaika matumba awiri a mchenga m'kangolo n'kuyamba kuyeserera mumsewu wa m'mbali mwa chipupa chotchinga nyanja. Kumeneko mphepo siipuma. Njinga yokalambayo ikakumana nayo inkakanika kupitirira liwiro la makilomita makumi asanu ndi awiri pa ola, malole akuiuzira m'khosi. Sjoukje ankafika kunyumba akuwerengera kuti pa liwiro lotere maola a dokotala aja athera panjira, kupita ndi kubwerera.

Anadandaulira Auke, mng'ono wake wa Siebren, yemwe ankabwera tsiku lililonse kudzatchetcha kapinga wotchetchatchetcha kale chifukwa m'chipinda cha wodwala sankatha kukhalamo. Auke anazimitsa makina, napukuta manja m'buluku.

"Alamu, njinga iyi ikubanika. Ndakhala ndikuwauza achimwene chiyambire ndili ndi tsitsi."

Mkangano umenewu Sjoukje anali ataumva pa Khirisimasi iliyonse. Auke ankati bokosi la mpweya lomwe njinga imabwera nalo kufakitale ndi chitsekerero, ukalichotsa n'kuika sefa zotseguka injini imapuma ngati munthu amene wavula tayi. Siebren ankati amene anapanga njingayo sanali zitsiru, anayeza mpweya ndi petulo kuti zigwirizane. Sefa zotseguka zimangowonjezera phokoso, ndipo phokoso limanamiza matako. Ukawonjezera mpweya uyeneranso kusintha majeti, tizitsulo ta timabowo tomwe timayeza petulo m'kabureta, apo ayi injini imayenda ndi njala, n'kutentha mpaka kudzidya yokha.

Zonsezi Sjoukje ankazidziwa ngati pemphero. Komabe anapereka makiyi a galaja.

Auke anabwera ndi sefa ziwiri zofiira, zooneka ngati makapu a tiyi. Bokosi lakale linakana kutuluka, labala wake anali atauma gwa, ndiye analidula ndi sowo. Majeti akuluakulu anati waitanitsa. Atafika anapezeka kuti salowa m'kabureta wa njinga yakale chotero, ndipo ena akanafika mpikisano utadutsa. Auke anati makilomita makumi asanu ndi awiri opita ku Assen si kanthu, njinga idzangowanyambita.

Sjoukje ataikwera, inabangula. Nkhosa za pachipupa zinabalalika. Mtima wake unadumpha koyamba chiyambire mwezi wa Malichi pomwe matenda a Siebren anadziwika, ndipo anaseka yekha m'chisoti. Atayang'ana singano ya liwiro anaona kuti ili pomwe inkakhala kale, koma anadziuza kuti lero mphepo yachita kunyanya.

Atalowa ndi tiyi kuchipinda anapeza Siebren akuyang'ana kudenga. Zenera linali lotsegula.

"Kamnyamata kadula bokosi langa eti?" Kamnyamatako kanali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Kadula."

"Majeti?"

"Sanakwane."

 Siebren anati ndiye adzanyamuke seveni koloko, kusanatenthe.

Lamulungu la mpikisanolo sananyamuke seveni. Kumuveka Siebren jekete yachikopa kunatenga nthawi, mapewa ake anali atasanduka mitengo yopachikira malaya, ndipo anasanza mankhwala oyamba, n'kudikira namwino kuti adzamubaye ena. Anatuluka pageti teni koloko, dzuwa lili phwee. Auke ankawatsatira pagalimoto ndi mpando wa mateyala.

Ola loyamba linali labwino, ndipo Sjoukje sakana zimenezo mpaka lero. Njinga zinkatuluka m'njira iliyonse, mazanamazana, zonse kuloza kumodzi. Owadutsa ankatsitsa dzanja kupereka moni, ndipo Siebren ankayankha aliyense ndi zala ziwiri ngati mfumukazi.

Atadutsa tauni ya Oosterwolde njinga inayamba kuphulika m'mapaipi Sjoukje akabweza moto. Siebren anamugogoda pabondo n'kukuwa kuti akoke theka choko, kachitsulo kochepetsa mpweya, injini ilandire petulo wochulukirapo. Kuphulika kunachepa. Koma atafika mumsewu wa m'mbali mwa ngalande ku Smilde anapeza mzere, njinga ndi magalimoto zikuyenda ngati maliro. Injini ya mtundu umenewu imazizira ndi mphepo ya liwiro, ndipo apa mphepo inalibe polowera. Kutentha kunamuwotcha Sjoukje m'miyendo kudutsa nsapato. Anayamba kumva injini ikulira ngati timiyala m'chitini. Anayang'ana Siebren, napeza maso ake ali otseka, mutu ataupendeketsa, akumvetsera.

Mzere utamasuka Sjoukje anaonjezera moto. Njinga inadzuka pang'ono, kenaka inafooka ngati yagwidwa kumbuyo, utsi wabuluu n'kutuluka paipi ya kumanzere. Anaiimika pa udzu. Chikwangwani chinali pomwepo: Assen, makilomita khumi ndi awiri.

Auke anatsika m'galimoto akulankhula kale, akuti mwina ndi waya, mwina petulo wa masiku ano ndi madzi. Siebren anangoti amasule pulagi ya kumanzere. Auke anaimasula atakulunga dzanja ndi mpango, n'kuipereka. Nsonga yake inali yoyera ngati phulusa, ili ndi timadontho ta chitsulo chosungunuka.

"Pisitoni yabooka," anatero Siebren. "Onatu, katswiri. Yapuma mpweya wokwanira tsopano."

 Khosi la Auke linafiira mpaka m'makutu.

Anyamata atatu a njinga zazikulu anaima, pamodzi ndi mayi wina wa imvi yemwe anali ndi chingwe. Mayiyo anati akhoza kuwakoka pang'onopang'ono mpaka pageti la mpikisano, wakokapo zolemera kuposa mdala ameneyu. Siebren anaseka nati iye sanakokedwepo ndi mkazi wa mwini, ndipo kusekako kunathera m'chifuwa. Auke anati ayi, alowe m'galimoto, mphindi khumi ndi zisanu afika. Anamugwira m'khwapa kuti amudzutse. Siebren anatulutsa mawu amene Sjoukje anali asanawamvepo kwa munthu, ndipo anyamata aja anayang'ana kungalande.

Sjoukje anaona wotchi. Maola awiri anali atatha kalekale. Milomo ya mwamuna wake inali yotuwa, thukuta likuyenderera m'chisoti. Kutsogolo kunali mzere wina, kenaka khamu, kenaka phokoso la tsiku lonse padzuwa.

"Tikubwerera," anatero.

Palibe amene anamutsutsa, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti Siebren nayenso sanatsutse.

Anyamata aja anamunyamula pamodzi ndi khushoni yake n'kumugoneka pampando wa kumbuyo. Kenaka anathandiza Auke kukankhira njinga pabwalo la mlimi wina tsidya la msewu. Sjoukje analowa m'galimoto, naika mutu wa mwamuna wake pantchafu.

"Ndinadziwa ine," anatero Sjoukje. "Singano ndinaiona. Sinasunthe ngakhale pang'ono."

"Koma inakukomera?"

"Inandikomera."

"Imakomera aliyense." Siebren anapuma kaye. "Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinaika zomwezi pa njinga ya bambo. Ndinaiwotcha ndisanafike ku Dokkum. Ndinawanamiza kuti vuto ndi oyilo."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Auke akanandisiya? Usamuuze."

"Muuzeni nokha. Akudzidya uko, taonani mmene akukankhira."

"Mawa," anatero Siebren, natseka maso.

Auke anabwera atanyamula fulasiki ndi buledi zomwe zinatsala m'kangolo, nazisunga pamiyendo kaye ngati sakudziwa poziika. Kutembenuza galimoto kunavuta chifukwa njinga sizinkaduka. Mmodzi wa anyamata aja anaima pakati pa msewu n'kutambasula manja mpaka anapeza mpata. Mbali ya msewu yopita kwawo inali yopanda kanthu, moti Auke akanatha kuthamanga, koma anayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba dzenje lililonse.

Siebren anakhalabe ndi moyo masiku khumi ndi limodzi. Ambiri mwa masikuwo anali m'tulo, ndipo Auke akalowa ankangoima pakhomo chipewa chili m'manja. Nkhani ya njinga ya bambo awo sinanenedwe. Sjoukje anadikira mpaka maliro atatha, alendo atapita, iye ndi Auke akutsuka makapu. Anamuuza akuyang'ana m'madzi.

Auke anapukuta kapu imodzi kwa nthawi yaitali. Kenaka anati ankadziwa, iye ndi amene anathandiza kuikankha usiku umenewo kuchokera pamlatho, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ankaganiza kuti vuto linalidi oyilo.