Tsamba Lomaliza la Kope la Abambo

"Bweretsa kuno kopelo," anatero achimwene aakulu atatambasula dzanja, machesi akulira m'thumba la malaya.

Mzime anangolikhalira kopelo. Inde, kulikhalira kwenikweni, pampando wa malemu bambo ake. Panali patangopita masiku atatu chiwaikire m'manda, koma m'nyumbamo munali mutayaka kale moto wopanda utsi.

Malemuwo anagwira ntchito yofufuza milandu kupolisi zaka makumi atatu. Atapuma anayamba kulemba timabuku ta akuba ndi owafufuza, ndipo anthu ankatilimbirana. Munalibe zowulukira pamadenga kapena kuwomberana mfuti ayi. Wofufuza wa m'mabuku awo ankatupa mapazi, ankasiyidwa ndi basi, ankabwereka cholembera kwa munthu amene akumufunsa mafunso. Owerenga ankati, "Koma mdala ameneyu amalemba ngati analipo!" Osadziwa kuti analipodi.

Maso awo atayamba kuchita nkhungu, wotayipa nkhanizo pamakina anali Mzime, mwana wawo womaliza. Ndiye atapeza kope latsopano pansi pa masokosi m'dirowa, anati awawerengere amayi ndi azakhali pabalaza, mwina mitima ingakhaleko pansi. Kalanga ine, akanadziwa!

Nkhaniyo inali ya nyumba yosungiramo simenti imene inathyoledwa, loko atadulidwa ndi sowo. Wofufuza anagwada pakhomo kufunafuna utuchi wachitsulo, paja sowo akamadya chitsulo sangalephere kugwetsa nyenyeswa. Pakhomopo panalibe kanthu. Anakaupeza m'kati, pansi pa tebulo la kalaliki. Ndiye kuti wina anatsegula loko ndi kiyi, n'kukamudulira m'kati mosathamanga, n'kumukolekanso pachitseko. Kiyi ankasunga kalaliki yekha. Wofufuza uja anatulutsa mpango, anapukuta utuchi wonse, n'kuupisa m'thumba. Mlonda ndiye anakaseweza kundende zaka zisanu ndi ziwiri.

Apa m'pamene achimwene anadzuka, kapu ya tiyi n'kugubuduka. Iwo kale anali kalaliki kosungira simenti, ndipo mlonda wakumeneko anamangidwadi. Mlondayo anabweranso kumaliro, anaima kumbuyo kwenikweni, chipewa chili m'manja, mano akutsogolo kulibe.

"Ndi nthano chabe iyi," anatero achimwene. "Adala aja mutu unali utayamba kuzungulira ndi mankhwala."

"Ngati ndi nthano, machesiwo ndi a chiyani?" anafunsa Mzime.

"Iwe, ndakusinthapo matewera ine! Usandiyankhe ngati mnzako."

Azakhali, amene pakamwa pawo sipakhala chitseko, anawomba m'manja kamodzi. "Ehe! Ine ndinkadabwa. Kalaliki wanji wogula njinga yamoto mwezi womwewo? Ndinkati ndikafunsa, mlongo wanga ankangotsokomola."

"Alamu, chonde," anatero amayi, maso ali pa tiyi wotayika uja. Sanadabwe ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi n'zimene zinamulasa Mzime kuposa zonse.

"Amayi, inu munkadziwa?"

"Mpangowo ndinachapa ndine," anayankha motsitsa mawu. "Unkafuna nditani? Ndikapereke mwana wanga ndekha?"

"Nanga mlonda uja analibe mayi?"

Achimwene anayamba kuzungulira tebulo, akuwerenga pazala: ntchito yawo, ana awo atatu, akazi awo amene sadziwa kanthu, ulemu wa malemu. Wosindikiza mabuku akangoliona kopelo, tauni yonse idziwa kalalikiyo ndi ndani. "Ukufuna ana anga azilozedwa zala kusukulu chifukwa cha nkhalamba imene inatuluka kale kundende?"

Mzime anakumbatira kopelo pachifuwa. Mumtima ankati abambo ake analakwa, inde, koma taonani, asanafe aulula. Bukuli likatuluka, mlonda uja adzayenda mumsewu chipewa chili kumutu. Bambo amene ankamuphunzitsa kuti nkhani yabodza imanunkha ngakhale uithire mafuta onunkhira sakanapita ndi bodza kumanda.

"Kwatsala masamba awiri," anatero. "Ndimalize kaye, kenako mulimbane nane."

Anawerenga mokweza. Wofufuza uja anakalamba, tulo tinamuthawa, chakudya chinkamuwawa. Tsiku lina anavala jekete lake lakale, anakwera masitepe a ofesi, anagogoda kwa bwana wamkulu. Mzime anatembenuza tsamba lomaliza, n'kungoliyang'anitsitsa.

"Werengatu, mayi wachilungamo," anatero achimwene.

Mzime atalephera kuwerenga, azakhali anamulanda kopelo n'kuliyandikiza kumaso. Pamwamba panalembedwa kuti, "Bwana, mlonda uja sanabe. Amene anaba ndi mwana wanga." Koma mawuwo anali atakhwatchidwa. M'munsi mwake, ndi zilembo zokhotakhota za masiku odwala, panali mzere umodzi wokha: "Atafufuzanso bwino, anapeza kuti wakuba anali mlonda yemwe uja."

Achimwene anasuzumira, anawerenga kawiri, kenako anaseka mpaka kugwira khoma. Anatulutsa machesi aja n'kuwaponya patebulo.

"Tayipa, mlongo wanga. Tayipa lonse, ukapereke. Ungochotsako za utuchizo, zikutalikitsa nkhani."

Azakhali anatola chikwama chawo osatsanzika. Amayi anapita kukatenga kansanza kopukutira tiyi.

Mzime anatsala yekha ndi tsamba lija. Pa nkhani zonse zimene anawatayipira, iyi yokha ndi imene ngakhale mwana wa sitandade 3 sakanaikhulupirira. Anayendetsa chala pa mzere wokhwatchawo. Unali wowongoka bwino, wopanda kugwedera paliponse. Munthu amene masiku omaliza ankalephera kufikitsa sipuni pakamwa anadzuka pabedi, anafunafuna rula, n'kuigoneka bwinobwino pa mawuwo asanawakhwatche.