Tinali Awiri Pamsewu

"Alamu, mukuyendetsa bwino ndithu, koma taonani, nkhono ija yatipitirira," anatero Mlamu ali kumpando wakumbuyo, mabisiketi ali tho m'kamwa.

Buleki ndiye ankayendetsa. Iye anali mphunzitsi wa anthu ofuna kudziwa kuyendetsa galimoto, ndipo dzinali anam'patsa ndi ophunzira ake chifukwa cha mawu amene ankakuwa tsiku lonse, nthawi zina ngakhale kutulo. Manja onse awiri anali pachiwongolero, maso ali pamsewu.

Mkazi wake, amene anthu ankangomutchula kuti Telala, ndiye anakonza ulendowu. Chaka chonse ankangoona makoma a shopu yake ndi nsalu za eni. Kasitomala wina anamuuza kuti nyengo imeneyi, masamba asanayoyoke onse, msewu wopita kunkhalango yosungirako nyama umaoneka ngati wayaka moto. Anaumirira mpaka mwamuna wake anavomera kutseka sukulu tsiku limodzi. Mlongo wamkulu wa Telala, Mlamu uja, palibe anamuitana. Anangom'peza m'mawa atatsamira galimoto, kachikwama kali paphewa.

Kasitomala uja sananame. Mapiri a mbali zonse anali psuu, ena achikasu, ena ngati dzimbiri. Masamba ankagwera pagalasi n'kuuluka. Telala anatsegula zenera kuti amve fungo la dothi lonyowa, ndipo ankaseka yekha ngati mwana.

Chakumasana msewu unayamba kukwera phiri, nkhungu n'kutsika kudzakumana nawo. Wailesi inayamba kungoti shii, Buleki n'kuizimitsa. Anayenda nthawi yaitali osakumana ndi galimoto, njinga kapena munthu. Mitengo inayandikira kumsewu. Mlamu naye nthabwala zinam'thera.

Pakona ina nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo m'munsi mwa msewu munaoneka chimtengo chachikulu, chofiira ngati magazi.

"Bambo, taonani mtengo uwo!" anafuula Telala.

Buleki anatembenuka. Kunamveka phu! kutsogolo, ngati thumba la zovala lagwa pansi. Galimoto inagwedezeka, inatsetsereka pamasamba onyowa, n'kukaima itapitirira kona ija.

Injini yokha ndiyo inkamveka.

"Gwape," anatero Buleki. Mawu ake anali ouma. "Ndi gwape ameneyo."

"Eya, gwape basi," Mlamu anavomera msangamsanga. "Kuno n'kwawo. Tiyeni, alamu."

Telala anatsika. Kunja kunkazizira kuposa mmene ankaganizira. Nyali ya kumanzere inali itang'aluka, ndipo pamng'alupo panakola kanthu kobiriwira. Anakasolola n'kukakweza m'mwamba kuti amuna awiriwo akaone. Unali ulusi wokhuthala.

"Gwape wakeyo amavala juzi?"

Mlamu anatsika n'kumugwira mkono. "Iwe, tamvera. Palibe wationa. Alamu akawalanda laisensi, sukulu yathera pomwepo. Ana aja uwadyetsa mabatani?"

"Achimwene, ndisiyeni."

Buleki anali ataima pachitseko. Munthu amene anaphunzitsa theka la tauni kuti maso sachoka pamsewu ankangoyang'ana nsapato zake.

"Ndinayang'ana kumbali," anatero motsitsa.

"Ndakuuzani ndine," anatero Telala. "Nanga tiziima pano?"

Mwamunayo sanasunthe. Telala anamuyembekezera pang'ono, kenako anayamba yekha kubwerera. Atayenda kamtunda anamva mapazi kumbuyo. Anali mwamuna wake. Patali pang'ono Mlamu ankathamangira.

"Musandisiye ndekha m'chigalimoto chimenechi!"

M'nkhalangomo munalibe mbalame ngakhale imodzi yolira. Masamba ankagwa limodzilimodzi, ndipo lililonse likafika pansi linkamveka ngati munthu akuyenda monyang'ama. Telala ankacheuka pafupipafupi, osaona kanthu koma nkhungu.

Pakona paja anapeza kandowa katagubuduzika, bowa atamwazika pamsewu ponse. Chipewa chinali m'ngalande. Munthu panalibe. Koma m'mphepete mwa msewu masamba anali atakankhidwa, dothi lakuda likuonekera, ndipo kanjira kameneko kankatsika kulunjika kuchimtengo chija.

Anatsika akugwira nthambi. Patsinde pa mtengowo panali patatsamira mkulu wina wa imvi mutu wonse, atavala juzi yobiriwira. Mwendo wake wakumanja unali utapindikira kolakwika. Sankabuula. Ankangowayang'ana akutsika, ngati munthu amene wakhala akuyembekezera alendo.

Telala anagwada. "Agogo, mukutimva?"

"Mwabwerera," anatero mkuluyo. Anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako anasuzumira kumbuyo kwawo. "Nanga mkazi wanga mwamusiya kuti?"

"Akazi anu?"

"Tinali awiri pamsewu. Iye anali patsogolo panga."

Buleki anayang'ana kumsewu. Kenako anakwera chitunda chija chokwawa, Mlamu ali pambuyo. Telala anatsala atagwira dzanja la mkuluyo, lozizira ngati mwala wa mumtsinje, akumva amuna awiriwo akuitana.

"Mayi! Mayi, muli kuti?"

Mawu awo ankapita n'kubwerera okha. Buleki anatsikira m'ngalande, anasuzumira m'chipaipi chamadzi chodutsa pansi pa msewu. Mphepo inali itaunjika masamba milumilu, ndipo mulu uliwonse unkaoneka ngati munthu wagona chafufumimba. Ankafukula ndi manja, mulu uwu, mulu uwo, akupuma mwabefu, matope mpaka m'zigongono.

"Amavala chikhothi chachitali," mkulu uja anauza Telala modekha. "Sachedwa kumva kuzizira."

Pamenepo, kutali m'nkhungumo, mawu a munthu wamkazi anayankha.

Mlamu anauma pomwe anaima. Buleki anasiya kufukula. Mawuwo anamvekanso, ataliatali, tsopano pafupi, koma osadziwika mbali imene akuchokera. Pakati pa mitengo panayamba kuoneka chithunzithunzi cha munthu, chikubwera pang'onopang'ono, chikhothi chikufika m'maondo.

"Alamu," ananong'ona Mlamu, "tiyeni tithawe."

"Ababa! Ababaa!"

Anali mayi wa msinkhu wa Telala yemwe, atavala nsapato za mphira, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ataona anthu pansi pa mtengo anatsetsereka chitunda chonse n'kudzagwada pambali pa mkuluyo.

"Ababa, mwatani? Kodi sindinakhome chitseko ine?" Anawagwira kumaso, anayang'ana mwendo, n'kuluma mlomo. "Agwa pachitundapa. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzagwa."

"Akuti anali ndi akazi awo," anatero Telala. "Takhala tikuwafuna."

Mayiyo anapukusa mutu. "Amayi anamwalira kalekale. Galimoto inawagunda pakona pomwepa, nyengo ngati ino, akuchokera kokazula bowa. Woyendetsayo sanaime, mpaka lero sitikumudziwa. Kuchokera pamenepo ababa mutu suyenda bwino. Masamba akangoyamba kugwa amatenga kandowa n'kuzemba." Anapukuta misozi ndi mkono wa chikhothi. "Inu Mulungu ndiye wakutumani. Anthu amangodutsa pano, palibe amaima. Mwawaona bwanji m'nkhungu yonseyi?"

Buleki anatsegula pakamwa, koma Mlamu anam'finya pachigongono.

"Tinaona kandowa pamsewu," anatero Mlamu. "Basi mtima unangotiuza."

Telala anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anayang'ana pansi.

Anathyola nthambi ziwiri zowongoka n'kumanga mwendowo ndi mpango wa Telala. Apo m'pamene mkuluyo anabuula, kamodzi kokha. Buleki anapita kukatembenuza galimoto, ndipo pamene ankamunyamula mkuluyo kukwera naye chitunda, Telala anaona mlongo wake atathamangira kutsogolo n'kukaima motsamira nyali yong'aluka ija, manja ali m'thumba, ngati munthu wongopuma.

Mkuluyo anamugoneka kumpando wakumbuyo, mutu pamiyendo ya mwana wake, mapazi pamiyendo ya Telala. Mlamu anakhala kutsogolo. Chipatala chinali m'munsi mwa phiri, kumene anachokera. Za nkhalango ya nyama palibe anazitchulanso.

Nkhungu sinawasiye. Mitengo yofiira ija, imene m'mawa inkamusangalatsa Telala, tsopano inkangotulukira mwadzidzidzi pambali pa zenera n'kuzimiririka. Mayi uja sanaleke kuthokoza.

"Mundiuze kumene mumakhala. Ababa akachira tidzabwera kudzakuonani. Abale anga onse ayenera kukudziwani."

"Aa, musavutike, mayi," anatero Mlamu. "Ife ndi anthu ongoyendayenda, lero kuno mawa uko." Anayesa kuseka.

Mayi uja anapitiriza: "Ndikanakhala ndekha sindikanawanyamula. Akanagona pomwepo mpaka kuzizira kuwamalize. Bambo oyendetsa, Mulungu akudalitseni manja amenewo."

Telala ankaona khosi la mwamuna wake likutuluka thukuta. Pagalasi loonera kumbuyo, maso a Buleki anakumana ndi a mkulu uja. Mkuluyo sankaphethira. Ankangomuyang'ana mwaulemu, mopanda mkwiyo, ngati akuyesa kukumbukira kumene anamuonapo.

Galimoto inayamba kuchepetsa liwiro.

"Mayi," anatero Buleki, "bambo anu sanagwe okha. Ndawagunda ndine."

"Alamu!"

"Khalani chete, alamu. Ndinachotsa maso pamsewu. Anakwawa okha kukafika pamtengo paja."

"Ndine ndinawauza kuti ayang'ane mtengowo," anatero Telala. Mawu ake anatuluka aang'ono.

Mayiyo sanakuwe. Dzanja lake, limene linkasisita imvi za bambo ake, linaima. Anayang'ana Telala nthawi yaitali, n'kuyang'ana mpango womanga mwendo uja, kenako kumbuyo kwa mutu wa Buleki.

"Munaima nthawi yomweyo?"

"Tinaima," anatero Buleki. "Koma ine ndinkafuna kupitirira. Anabwerera ndi akazi angawa, ine n'kungotsatira."

Mlamu anatembenukira kuzenera n'kuphimba kumaso ndi dzanja.

"Ndakugwadirani," anatero mayiyo. "Ndakudalitsani manja." Anapuma mozama. "Kuchipatala kumakhala wapolisi pakhomo. Mukamuuze mmene mwandiuziramu, osachotsapo kanthu."

"Ndikamuuza."

"Ndiye yendetsani. Ababa akuzizidwa."

Buleki anawonjezera moto. Msewu unatsika, unakhota, unatsikanso, ndipo nyumba zoyamba za m'munsi mwa phiri zinayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Telala ankaganiza za sukulu, za ana, za mmene adzafotokozere kunyumba, koma maganizowo ankangobwera n'kupita osakhazikika.

Mkulu uja anadzutsa mutu pang'ono. Anayang'ana pakati pa mwana wake ndi Telala, pamene panalibe munthu, nkhope yake n'kuwala.

"Wafika," anatero. Kenako anakoka chikhothi cha mwana wake. "Mwawapanikiza amayi ako. Auze mayiwa asunthe pang'ono."

"Ababa, gonani."

"Asunthe. Amayi ako ayenda mtunda wautali."

Mayiyo anayang'ana Telala. Telala anakweza mapazi a mkuluyo mosamala, anadzikanikiza kuchitseko mpaka phewa linagunda galasi lozizira, n'kusiya malo pakati pawo. Anakhala choncho njira yonse mpaka pageti la chipatala.