Sensa M'ndowa

"Ndani wachita zopusazi?" Lindiwe anakuwa mpaka mawu ake anaposa phokoso la makina.

Lindiwe ndiye anali injiniya woyang'anira thanki yophikiramo sopo pafakitale ina ya ku Makata. M'mawa wonse kompyuta yake inkasonyeza kutentha kosasuntha ngakhale pang'ono, pomwe thankiyo inkabangula. Atatsika kukaona, anapeza zoopsa. Sensa yoyeza kutentha inali itazulidwa m'thanki n'kuviikidwa m'ndowa ya madzi. Kompyuta, poganiza kuti sopo wazizira, inkangowonjezera nthunzi. Anthu enatu, mutu anangosenza!

"A Duncan, ndikufunsa inu!"

A Duncan, kapitawo wa shifiti, anakanda m'mutu. "Alamu ija imasokosa, mayi. Ikangolira, makina amazima okha. Bwana anati katundu atuluke lero, ndiye tinangoti tiigoneke pang'ono."

"Kuigoneka! Mwana wanu akatentha thupi, choyezera mumachiviika m'madzi kuti muziti wachira?"

Apa n'kuti a Maxon, manejala, akutsika masitepe, foni ili kukhutu.

"Chavuta n'chiyani? Malole akudikira panja. Thanki iyi inayamba kugwira ntchito inu musanamalize pulayimale, siinaphulikepo."

"Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi, bwana. Taonani uko!"

Thovu lotentha linali litayamba kuyenderera pakamwa pa thanki. Kunsi kwake kwenikweni kunali Zelipa ndi amayi anzake, atawerama, akulongedza sopo m'makatoni osadziwa kanthu. Mtima wa Lindiwe unawira. Anathamangira pabolodi la masiwichi n'kumenya batani lofiira ndi chibakera. Fakitale yonse inangoti zii.

"Zelipa! Nonse panja, msanga! Makatoniwo asiyeni!"

Amayi aja anatuluka akukankhana pakhomo.

"Mwandiwonongera sopo yense!" a Maxon anakalipa, maso ali psuu. "Yatsani makinawo pompano. Mukakana, mawa musaponde pano."

Anatambasula dzanja kuti ayatse okha, koma Lindiwe anaima pakati pa iwo ndi bolodi lija.

"Za mawa n'zanu, bwana. Lero injiniya ndikadali ine. Mukafuna kuyatsa, mukayambe mwaima kunsi kwa thankiyo inuyo, ndi taye wanuyo."

A Duncan anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. A Maxon anatukwana, anaopseza, anaimba mafoni, koma kunsi kwa thanki sanapiteko. Lindiwe anakoka kreti n'kukhala pomwepo, osadya, osapita ndi kukataya madzi komwe, kufikira chitsulo cha thanki chinazizira.

Poweruka, mlonda wa pageti anamulandira khadi lake la ntchito mwamanyazi. "Pepani, mayi, ndangotumidwa."

Lindiwe anaima pamsewu kudikira minibasi ya ku Chilomoni. Kutsidya kwa msewu, Zelipa ndi anzake ankalowera ku Ndirande akuseka, akunyozana za mmene wina anatayira nsapato pothawa. Onse ankayenda ndi miyendo yawo.