Mtsamiro wa a Terezinha

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndagona ndi a Tomé mwendo wanga uli pamwamba pa wawo, ndipo sanadandaulepo. Kuzizira kwa kuno ku Ntengo-Wambalame kumafuna zimenezo. Ndiye kadotolo kena ka ku Beira, mwana wadzulodzuloli, kanangolemba pepala limodzi n'kundigwetsera pamphasa.

A Tomé anagwa pangolo akututa kachewere, fupa la m'chiuno n'kuthyokera pamfundo penipeni. Mwana wathu Cátia, amene amaphunzitsa ku Furancungo, ndiye anathamanga nazo mpaka madotolo a ku Beira anawachita operasawu n'kuwaika chitsulo. Atabwera nawo anatiwerengera malamulo ali chiimire ngati ali m'kalasi. Masabata asanu ndi limodzi azigona chagada. Asapingase miyendo. Miyendo ya kama tiikweze ndi njerwa. Akagona, kaya usana kaya usiku, pakati pa mawondo pazikhala mtsamiro wolimba, chifukwa bondo likangogwera m'kati chitsulo chiguluka, ndiye kuti ulendo wa ku Beira wayambiranso, pa shapa, timinibasi tathu tija, ndi msewu wathu unowu. Pomaliza anayang'ana ine n'kunena kuti mama, inu mumamenya mateche kutulo, muzigona pansi.

Ndinavomera, nanga ndikanatani? Ndinawaikira mtsamiro wathu wansanza uja, koma pofika m'mawa umakhala utaphwa ngati chikondamoyo chopanda soda. Masiku awiri a Tomé sanaone tulo, ankangobuula.

Tsiku lachitatu kunabwera a Terezinha. Awa ndi a komadre athu, ndiwo anaimira Cátia paubatizo, ndipo amuna awo a Arsénio anamwalira zaka zinayi zapitazo. Koma pali china chimene mudzi wonse ukudziwa ngakhale sutchula. Tili kothawa nkhondo ku Ntcheu, a Tomé anayamba kufunsira iwowa, iwo n'kusankha a Arsénio. Ine ndinali wachiwiri pamzere, ngati polandira ufa.

Anabwera atanyamula chimtsamiro chachitali, cholimba gwa, atachikuta ndi kapulana yawo yobiriwira, chitenje chimene ankavala ku misa. Anati anadwazika a Arsénio zaka ziwiri, ndiye zogoneka munthu amazidziwa. Osandifunsa n'komwe, analowa kuchipinda, anagwira bondo la amuna anga ndi manja awiri, analikweza pang'onopang'ono n'kulowetsa chinthu chawocho. Ine nditaima pakhomo ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe.

A Tomé anagona masana amenewo mpaka ng'ombe zinabwera kudambo, mkonono uli gwee. Atadzuka anamwetulira n'kunena kuti koma a komadre ali ndi manja. Ndinamva ngati andithira madzi otentha pachifuwa. Ine amene ndimawanyamulira chikho, kuwasambitsa, kuwaveka nsapato, manja ndilibe?

Nsanje ndinachita, sindibisa. M'mawa uliwonse ndikatsegula maso pamphasa paja, choyamba kuona chinali kapulana ya mkazi wina ili pakati pa ntchafu za amuna anga, malo anga enieni. Inkanunkhira sopo wawo. Ndikati ndiichape, a Tomé ankakana kuti ikapanda kuuma ndiye agona bwanji. Ndikati ndikuteko nsalu yanga, ankati musaugwiregwire ungaphwe. Tsiku lina ndikuyala ndinaufinya, ndipo chala changa chinagunda kanthu kolimba, kozungulira, m'kati mwenimweni. Mtima unati phaa. Mkazi wamasiye angangopereka kapulana ya ku misa popanda chifukwa? Ndinati basi, aikamo kondaine, akufuna amalizitse zimene anazisiya ku Ntcheu.

Ndinapirira mpaka sabata lachitatu. Tsiku Lachinayi titadya, a Tomé anazungulira bwalo ndi ndodo zawo monga mwa lamulo, n'kukhala pampando wautali kuothera dzuwa. Ine ndinalowa, ndinabisa mtsamiro m'dengu n'kupita nawo kuseri kwa nkhokwe, mpeni uli m'manja.

Ndinang'amba mokwiya, osasamala. Poyamba panatuluka makoko a chimanga ouma bwino. Kenako chinthu chakuda, chokulungidwa zolimba n'kumangidwa ndi chingwe chakhonje. Ndinachimasula n'kuchitambasula. Anali kazako wa a Arsénio, jekete lomwe lija anavala paubatizo wa Cátia, ndipo mpeni wanga unali utadula mkono wake kuyambira paphewa. Kanthu kolimba kaja kanali batani. Ndinasanthula m'matumba monse, ndinapeza chitsa cha pensulo basi.

Ndidakali chikhalire pamenepo ndinamva kukuwa m'nyumba. A Tomé sakuwa chisawawa, ngakhale tsiku limene anagwa pangolo anangoluma mano. Ndinataya zonse n'kuthamanga.

Dzuwa litawalefula analowa okha kukagona, anaona kuti mtsamiro palibe, anati angotsamira pang'ono podikira ine. Tulo tinawaba, n'kutembenukira cham'mbali. Ndinawapeza atagwira thabwa la kama, thukuta lili kamukamu, mwendo wachitsulo uja utagwera pamwamba pa unzake. Ndinagwira bondo ndi manja awiri, ndendende mmene ndinaonera a Terezinha akuchitira, ndinalikweza pang'onopang'ono n'kuwabweza chagada. M'mutu mwanga munali shapa, mabampu, Beira, ndi nkhope ya Cátia akundifunsa kuti mama munali kuti. Ndinayang'ana mapazi monga anatiuzira. Anali ofanana kutalika, zala zitaloza kudenga. Ndinati agwedeze zala, zinagwedezeka. Tinadikira, ululu n'kuyamba kutsika.

Atapeza mpweya anafunsa kumene kunali mtsamiro. Ndinawauza zonse, za kondaine zomwe, nditayang'ana pansi. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

"Mayi a Cátia, mwaiwala kuti Arsénio tinamuika ndi malaya okha? A komadre anakana kupereka kazako ameneyo. Abale ake atabwera kudzagawana zovala anawakanizanso."

Ndinali nditaiwaladi. Manyazi anandigwira, koma musaganize kuti nsanje inatha. Inakula! Chinthu chimene anamana maliro, anamana abale, n'kudzachipereka kwa amuna anga?

Mtsamiro panalibe ndipo maso awo ankalemeranso. Ndinakatola zonse kuseri kuja, ndinatenga singano, ndinakwera pakama n'kukhala kumiyendo, mwendo wanga nditaulowetsa pakati pa mawondo awo. Kanali koyamba kukwerapo m'masabata atatu. Anagona, ine ndikusoka mkono wa kazako, mwendo utachita dzanzi mpaka m'chiuno koma osausuntha. Ndinaukulunga mmene unalili, ndinamanga, ndinabwezeramo makoko. Pamwamba ndinakuta kapulana yanga yofiira.

M'mawa mwake ndinachapa yobiriwira ija, ndinasoka pong'ambika n'kupita nayo kwa eni ake. Ndinawapeza akusankha mbewu ya nyemba pakhonde. Anaitambasula, anayendetsa chala pamsoko wanga, n'kundifunsa osakweza mutu kuti ndinapezamo chiyani.

"Batani," ndinatero.

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Anati anayesa nsanza, anayesa matumba a feteleza, zonse zinkaphwa, ndipo cholimba m'nyumba monse chinali chokhacho. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinafunsa ndithu kuti nanga n'chifukwa chiyani a Tomé, anthu odwala atachuluka chonchi m'mudzi muno. Apo ndiye anandiyang'ana.

"A komadre, sindinawapatse, ndawabwereka. Akachira mundibwezere. Inu muli naye woti muzimumenya mateche kutulo. Ine ndimagona ndi kazako ameneyo, ndipo chichokereni sindinagone bwino."

 Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha nyemba, ndipo tinamaliza lichero lonse. Ponyamuka ndinawauza za mkono uja, kuti ndinaudula ndipo msoko ukuoneka. Anangogwedeza mutu.

Kwatsala masabata awiri ndi masiku anayi. Ndimawerenga m'mawa uliwonse ndili pamphasa, ndipo ndikudziwa kuti kutsidya kwa munda wa kachewere uko wina akuwerenganso. Dzulo a Tomé anadzuka bwino n'kuyamba kunena kuti koma mtsamiro uwu. Ndinawayang'ana, anaona kapulana yofiira, n'kumaliza kuti wakutidwa bwino.