Mtsuko Wanga Unali ndi Ludzu

Maloto a Lachiwiri akundisowetsabe mtendere. Ndinalota ndili m'chipinda cha chionetsero cha zaluso kuboma kwathu, kumene anaika mtsuko umene ndinaumba. Unali m'galasi, ukupuma wefuwefu ngati mbuzi yomangidwa padzuwa. Pansi ponse panali mchenga wootcha mapazi, ndipo zithunzi za pakhoma zinkatuluka thukuta.

Ndinangozindikira ndasenza ndowa. Mlonda, atavala suti ya dongo laliwisi, anati, "Mayi, osagwira! Ichi n'chongoonera basi."

"Bambo, dongo limeneli ndinaliponda ndi mapazi angawa," ndinatero, n'kuswa galasilo, n'kuthira madzi. Mtsukowo unamwa, ndipo fungo la mvula yoyamba linadzaza chipinda chonse.

Kaya akutanthauzanji malotowa. Koma mawa ndikupita komweko ndi ndowa yodzaza, ndipo wondigwira andigwire.