Chingerezi cha Kukhitchini ndi cha Pabalaza

Kachete ankasita bulauzi yoyera pang'onopang'ono, kuyambira kolala, kenako mkono umodzi, kenako kubwereranso kukolala. Bulauziyo inali itawongoka kalekale. Panalibenso amene akanaiona, chifukwa a kuhotela anati mafunso a ntchito amufunsa pafoni m'mawa womwewo. Koma simbi yamoto ikakhala m'manja mwake anthu a m'nyumbamo ankamutalikira, ndiye ankangositabe.

Ntchitoyo inali yolandira alendo. Hotelayo inali kutali, ulendo wa tsiku lonse pabasi, ndipo wolembedwayo ankapatsidwanso kachipinda kogona. Mtima wa Kachete unali pa kachipindako.

Mavuto anayamba miyezi inayi m'mbuyomo, pamene malume ake ndi azakhali ake anabwera kuchokera kunja kwa dziko sabata imodzimodzi, aliyense nyumba yake isanafoleredwe, n'kufikira kwa mayi ake. Malume anayendetsa magalimoto a katundu kutsidya la nyanja zaka khumi ndi chimodzi, ndipo Chingerezi chawo chinkatulukira m'mphuno chikugubuduzika ngati mgolo wopanda kanthu. Azakhali anasamalira nkhalamba pachilumba china chozizira, ndipo chawo chinkatuluka milomo ili yotseka, mawu onse atadulidwa michira. Aliyense ankati cha mnzakeyo ndi matenda.

Atakangana masabata awiri, mayi anatenga choko n'kulemba mzere pansi, pakhomo lochokera kukhitchini kupita pabalaza.

"Pabalaza apa m'pa achimwene, kukhitchini uku n'kwa alamu," anatero. "Aliyense azilankhula zake kwawo. Ine ndatopa."

Kuyambira pamenepo mayi ankalawirira kuntchito n'kumabwera atadyeratu.

Zinthu zinayamba kusintha mayina zikadutsa mzerewo. Bisiketi inkachoka kukhitchini ili bisiketi, n'kufika pabalaza ili kuki, ndipo malume ankaibweza ngati woibweretsayo sanaitchule bwino. Madzulo ena magetsi atazima azakhali anapempha tochi. Malume anayankha kuti iwo chinthu chotero alibe, chimene ali nacho ndi fulashilaiti. Banja lonse linadya mumdima, chowunikiracho chili m'thumba mwa malume. Mphaka atatopa kuthamangitsidwa m'Zingerezi ziwiri anasamukira kwa aneba.

Nkhani ya mafunso itamveka, awiriwo anagawana Kachete ngati munda. M'mawa malume ankamupana mphuno ndi chopanira zovala kuti mawu aphunzire njira. Masana azakhali ankamulumitsa supuni kuti milomo isamayasame ngati ya munthu woitanira basi. Iye sankakana. Chibadwire sanakanepo kanthu mokweza, n'chifukwa chake dzina lake lenileni linaiwalika.

"Mwana iwe, zimitsa simbiyo," anatero malume ali pabalaza, chopanira chili m'manja. "Bwera kuno tibwereze komaliza. Tanena madzi."

Kachete anazimitsa simbi, n'kuvala bulauzi ikadali yofunda, n'kunena madzi m'Chingerezi.

"Ayi, ayi! Pakatipo pafewe. Lilime literereke ngati waponda sopo."

"Alamu, musandiwonongere mwana wa mchimwene wanga," azakhali anafuula ali kukhitchini. "Akalankhula choncho akamuuza kuti ayambe wachira chimfine."

"Chimfine n'chabwino, alamu, chimatha. Inu mumalankhula ngati mwabisa singano m'kamwa."

"Ine ndinkacheza ndi eni ake a chilankhulo, tsiku ndi tsiku!"

"Eni ake opanda mano! Nkhalamba zimene zija zikanatchula bwanji mawu mpaka kumapeto?"

"Nanga inu? Mphunzitsi wanu anali wailesi ya m'lole."

"Si lole, ndi thiraki!" anakuwa malume.

"Lole!"

"Mwaponda mzere, alamu. Chala chanucho chili kwanga. Nenani thiraki."

Azakhali anabweza chala chawo msangamsanga. Nthawi yomweyo foni ya Kachete inalira.

M'nyumba monsemo netiweki inkagwira malo amodzi okha, pakhomo la mzere lomwelo. Kachete anaima pamenepo, phazi lina kukhitchini lina pabalaza. Asanayankhe, malume anatambasula dzanja n'kudina kuti mawu amveke kwa onse.

"Tikuthandize," ananong'ona.

Pafoni panamveka mawu a mayi wina, bwana wa hotelayo. Chinali Chingerezi ndithu, koma chachitatu. Chinkathamanga, chikuimba, ndipo chiganizo chilichonse chinkathera m'mwamba ngati munthu wokwera masitepe atanyamula ndowa.

Malume anayang'ana azakhali. "N'chanu ichi."

"Changa? Mulungu andichitire chifundo. Ichi n'cha kwanu komweko, mwina cha kumapiri."

"Kwathu kulibe chotere."

Kachete anali atamva zonse. Miyezi inayi yokhala duu pakati pa Zingerezi ziwiri inali itamunola makutu, moti chachitatuchi sichinamuvute n'komwe. Mayiyo ankangofunsa dzina, ndiponso chifukwa chimene ankafunira ntchito yolandira alendo.

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Kudzanja lamanja malume anadzitsina mphuno akumutuzulira maso. Kumanzere azakhali anakweza supuni m'mwamba ngati wapolisi woimitsa galimoto. Dzina lake linatulukira m'mphuno. Zoti anamaliza sekondale zinatulukira m'mano. Pofotokoza kuti amakonda kuthandiza anthu, chiganizo chinayambira pabalaza, n'kudutsa kukhitchini, n'kubwereranso pabalaza chisanathe. Thupi lake nalo linkapendekera uku ndi uku kutsatira mawuwo.

Kenako mayi uja analankhulanso, tsopano pang'onopang'ono. Anafunsa kuti kumeneko alipo angati. Anati iye akumva atsikana awiri akulandizana foni, wina wodwala, wina wokwiya, pamene malo ndi a munthu mmodzi. Anati agwirizane msanga amene akufuna ntchitoyo, apo ayi aimbira wina pamndandanda.

"Akuti chiyani?" malume ananong'ona.

"Akuti walembedwa," anatero azakhali molimba mtima. "Ndamva bwinobwino. Akuyamikira katchulidwe."

"Bodza. Akufunsa za nyengo. Anthu amenewa amayamba ndi nyengo. Mwana iwe, uwauze kuti kuno kwacha bwino, koma udutsitse m'mphuno."

"Akalembedwa ndi supuni yanga mudzachita manyazi, alamu."

"Supuni yanuyo yangomupindira mano mwanayu."

Kachete anamva thukuta likutsika kumsana, bulauzi ikumata. M'maganizo mwake anaona kachipinda kaja kakutsekedwa, kiyi akupatsidwa mtsikana wina amene kwawo bisiketi imakhala ndi dzina limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anayandikitsa foni pakamwa. M'Chingerezi chimene anaphunzira kusukulu, chosapita m'mphuno komanso chosaluma supuni, anapempha mayiyo kuti amudikire mphindi imodzi yokha. Mayiyo anavomera. Kachete anadina kuti mawu asamveke, n'kugunditsa foniyo pachifuwa.

Malume ndi azakhali anatsegula pakamwa nthawi imodzi, koma iye anawayambirira.

"Amalume, azakhali, mayiwa sakunena za nyengo, ndipo sindinalembedwe. Akufunsa kuti tilipo angati. Akumva anthu awiri m'kamwa mwanga, ndipo onse awiriwo sakuwafuna. Inu simunamvepo liwu ngakhale limodzi, ine ndamva onse, koma ophunzitsidwa ndine. Mphuno yangayi yatupa mwezi wathunthu, sindinanene. Supuni ija ndi yomwe mumatakasira tiyi, sindinanenenso. Ntchitoyi ndikuifuna chifukwa kuli chipinda chimene ndingamatsegule pakamwa osayamba ndayang'ana pansi kuti ndaima kwa yani. Ndiye chonde, ndi ulemu wonse, tulukani panja nonse awiri, mukatsutsanire kumpanda uko, ndipo mutseke chitseko. Ndiyankha ndi Chingerezi changa chomwechi, chothyokathyoka. Akakana, akane ine."